Maola oyamba ndiwo amapulumutsa munthu wopyola muyeso pa mowa ndi mankhwala

Liwonde: Pamene boma linaletsa mowa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, anthu ambiri anaganiza kuti vuto la achinyamata okomoka kapena kufa ndi mowa waukali latha. Dziko la Zambia linali litachita kale chimodzimodzi mu 2012 poletsa timapaketi totchedwa tujilijili, ndipo Tanzania inatsatira mu 2017. Koma aliyense woyenda m'misika ya pa Liwonde, Ntaja, Ulongwe kapena Phalula akudziwa kuti mowawo sunachoke. Unangosamukira m'timabotolo tapulasitiki, ndipo kachasu akutchezedwabe m'midzi monga kale.

Ichi n'chifukwa chake akatswiri a zaumoyo amanena kuti pambali pa lamulo loletsa pamafunika ntchito ina, yochepetsa ngozi kwa munthu amene wamwa kale. Ntchitoyi sitsutsana ndi ya apolisi kapena ya bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards. Funso lake ndi lakuti, munthu akagwa pamalo omwera mowa usiku, ndani angamuzindikire kuti ali pangozi, ndani angamunyamule, ndipo akafika kuchipatala akapeza chiyani.

M'maiko ena ntchitoyi inayamba chifukwa cha anthu odzibaya mankhwala ozunguza bongo monga heroin. Tanzania inatsegula chipatala chopereka methadone ku Muhimbili mumzinda wa Dar es Salaam mu 2011, ndipo mu 2014 bungwe la World Health Organisation linalangiza kuti naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma chifukwa cha heroin kapena morphine, azipezeka kwa anthu wamba amene angakhale pafupi ndi wodwalayo. Akuluakulu a makhonsolo asangokopera ndondomeko zimenezi momwe zilili. M'midzi ya ku Machinga ndi Balaka, maboma amene anali limodzi mpaka 1998 ndipo pa kalembera wa 2018 anali ndi anthu oposa 700,000 ndi 400,000, zimene zimagwetsa anthu kawirikawiri ndi mowa waukali, mankhwala a kumunda ndi mapiritsi ogulidwa pamsika.

Mowa umapha m'njira zimene anthu ambiri saziganizira. Munthu woledzera kwambiri akagona chagada amatha kusanza, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Wina shuga amamuthera m'thupi, makamaka ngati wamwa wosadya, zomwe zimachitika kwambiri m'miyezi ya njala. Anzake amati "musiyeni agone, adzuka", kapena amamuthira madzi ozizira n'kumusiya panja. Chofunika n'kumugoneka cham'mbali, kumufunditsa, kusamumwetsa kanthu pamene sakudziwa chomwe chikuchitika, ndi kuthamanga naye kuchipatala ngati sakuyankha akamugwedeza kapena akupuma mwapatalipatali. Phunziro limeneli silitenga ola lathunthu kuphunzitsa.

Ngozi yaikulu ndi ya mowa wosakanizidwa ndi methanol. Womwayo amaoneka ngati woledzera wamba, koma pakapita maola 12 mpaka 24 amayamba kumva mutu, kupweteka m'mimba, kupuma mothamanga ndi kuona zinthu mwachimbuuzi. Akachedwa amachita khungu kapena kumwalira. Odwalitsitsa amafunika makina osefa magazi, omwe amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Mu 2024 anthu angapo anamwalira mumzinda wa Blantyre atamwa mowa umene anthu anaupatsa dzina loti Ambuye Ntengeni. Pa milandu yotere, munthu mmodzi akafika kuchipatala ndi maso achimbuuzi, ndiye kuti kwinakwake kuli ena amene anamwa m'chigubu chomwecho ndipo sanayambe kudwala. Ntchito ya ofesi ya zaumoyo usiku umenewo ndi kuwapeza.

Zomwe zinachitika ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique mu Januwale 2015 ndi phunziro kwa aliyense woyendetsa ntchitoyi. Anthu 75 anamwalira atamwa pombe wofululidwa pamaliro. Poyamba mphekesera inali yoti wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Kafukufuku anadzapeza kuti poizoni anachokera ku tizilombo tomera mu ufa wa chimanga umene unaonongeka ndi madzi. Pamene anthu ankasaka mfiti kapena wanjiru, gwero lenileni linali mu ufa. Mkulu wa zaumoyo amene walamula kuti mowa wotsala ndi zofululira zisungidwe, osati kutayidwa mwaukali, wathandiza kwambiri kuposa amene wathamangira kutchula wolakwa.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala a kumunda. Balaka ndi boma lolima thonje, ndipo mankhwala opopera amapezeka m'makomo ambiri, nthawi zina m'mabotolo a zakumwa. Palinso tameki, amene amagulitsidwa mobisa ngati mankhwala a makoswe, ndi mapiritsi oteteza chimanga kwa anankafumbwe. Ena amamwa mwangozi, makamaka ana, koma ambiri amamwa atakwiya kapena atathedwa nzeru ndi ngongole ndi mikangano ya m'banja, ndipo patapita ola limodzi amakhala akufuna kupulumutsidwa. Womwa tameki kapena mankhwala a mtundu wake amatuluka dovu ndi thukuta, amasanza, ndipo pachifuwa pamadzaza madzi. Mankhwala ake ndi atropine, amene si wokwera mtengo koma amafunika wochuluka kwa wodwala mmodzi. Chizolowezi chomwetsa wodwala mkaka, mazira aawisi kapena madzi a mchere kuti asanze chimangotaya nthawi ndipo chimatha kumutsamwitsa. Chimene abale ayenera kuchita ndi kutenga botolo kapena pepala la mankhwalawo n'kupita nalo kuchipatala pamodzi ndi wodwala.

Pa nkhani imeneyi dziko la Sri Lanka linaonetsa kuti kuletsa mankhwala ochepa oopsa kwambiri kumachepetsa imfa zodzipha koposa, pamene kafukufuku wamkulu wa kumeneko, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anapeza kuti kugawira alimi mabokosi okhoma sikunasinthe chiwerengero cha omwa mankhwala. Khonsolo imene ili ndi ndalama zochepa ingachite bwino kuziika pa kuyendera ogulitsa ndi kudzaza atropine m'zipatala zing'onozing'ono kusiyana ndi kugula mabokosi.

Mapiritsi a pamsika ali ndi msampha wawo. Womwa Panado wambiri amaoneka wabwinobwino tsiku loyamba, chiwindi n'kudzaonongeka patsiku lachitatu, pomwe mankhwala oteteza chiwindicho amagwira bwino ntchito akaperekedwa maola asanu ndi atatu asanathe. Mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine ndiponso tramadol ali m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndipo apa ndi pamene naloxone amafunika kuti asasowe m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi.

Kayendetsedwe ka ntchitoyi sikafuna ofesi yatsopano. Chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998, khonsolo ili kale ndi makomiti a chitukuko a m'madera ndi m'midzi, makomiti a zaumoyo, mafumu ndi alangizi a zaumoyo okhala pakati pa anthu. Chimene chimasowa n'kuitana anthu amene amakhalapo ngozi ikamachitika. Amenewa ndi amayi otcheza kachasu, eni malo omwera mowa, atsogoleri a asodzi m'madooko a kunyanja ya Chilwa ndi Chiuta, ndi anyamata a kabaza, amene ku Balaka ndi ochuluka zedi ndipo usiku ndiwo ambulansi yeniyeni. Ena mwa akuluakulu amaona ngati kuphunzitsa wotcheza kachasu n'kuvomereza malonda ake. Koma mayiyo ndiye amaona kasitomala akugwa, ndipo ndiye angasankhe kumukokera kuseri kwa nyumba kapena kuitana njinga.

Chimene chimamuchititsa kusankha kuseri ndi mantha. Akudziwa kuti munthu akafera pakhomo pake, kapena akatchulidwa kuchipatala, apolisi afika. Womwa chamba naye amaopa, pakuti lamulo la 2020 linangovomereza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi ziphaso, osati chosuta. Choncho mgwirizano woyamba umene bwanamkubwa angaukonze ndi wa pakati pa mkulu wa zaumoyo ndi mkulu wa apolisi, woti wodwala athandizidwe kaye popanda kufunsidwa kalata ya kupolisi, ndiponso woti wobweretsa wodwala asagwidwe pakhomo pa chipatala. Apolisi akhoza kupitiriza kusaka opanga mowa wapoizoni m'njira zina. Munthu mmodzi akangomangidwa ataperekeza mnzake, mudzi wonse umamva, ndipo wotsatira amafera m'nyumba.

Ku Machinga kuli Asilamu ambiri, ndipo m'mabanja amene mowa ndi woletsedwa manyazi amakhala aakulu kuposa mantha a apolisi. Mashehe ndi abusa akanena poyera kuti kupulumutsa woledzera si kuvomereza tchimo lake, abale amalimba mtima.

Mtunda ndi vuto lina. Kuchokera ku Nayuchi, Chikweo kapena Ngokwe kufika pachipatala chachikulu cha Machinga pa Liwonde ndi ulendo wa maola, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo chimodzimodzi kwa a ku Utale ndi Phimbi popita ku Balaka. Motero chithandizo choyamba chiyenera kupezeka pachipatala chaching'ono: shuga wa m'diripi, atropine, mpweya, ndi wachipatala wodziwa nthawi yotumiza wodwala patsogolo. Lamya ingathandizenso. Chipatala cha pa Foni, chomwe chinadzafalikira dziko lonse m'manja mwa unduna wa zaumoyo, chinayambira ku Balaka komweko mu 2011, zomwe zinaonetsa kuti anthu a m'midzi amaimba akadziwa kuti ayankhidwa m'chinenero chawo.

Kalembera ndiye amanyalanyazidwa kwambiri. Wodwala akalembedwa kuti "wamwa poizoni" basi, khonsolo singadziwe ngati vuto ndi tameki wa pamsika wina kapena kachasu wa mudzi wina. Mizere inayi yokha m'kaundula, yonena chimene wamwa, kumene anachipeza, nthawi imene anamwa ndi nthawi imene wafika, ingathe kuuza komiti ya zaumoyo ya khonsolo komwe alangizi apite mwezi wotsatira, ndiponso kuipatsa umboni popempha ndalama mu bajeti. Ndondomeko ya dziko yokhudza mowa, imene inakhazikitsidwa mu 2017, ikupereka kale maziko a ntchito yotere.

Wodwala akatsitsimuka ntchito imakhala isanathe. Amene anamwa mankhwala mwadala amakhala pangozi yobwereza m'miyezi yoyamba, ndipo chidakwa chikasiya mowa mwadzidzidzi chimatha kunjenjemera, kuona zinthu zoti palibe, ngakhale kugwa khunyu. Chipatala cha amisala cha Zomba chili pafupi ndi maboma awiriwa, koma si aliyense wofunika kugonekedwa kumeneko, ndipo dzina lake lokha limathawitsa ambiri. Ambiri angathandizidwe ndi namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma asanatulutsidwe, kenaka mlangizi wa zaumoyo n'kuwayendera kunyumba sabata yoyamba isanathe.