Mendulo zitatu, mzinda umodzi: zinthu 10 zodabwitsa za Malawi pa masewero a Commonwealth

Pa zaka zinayi zilizonse, mayiko omwe kale ankalamulidwa ndi Britain, pamodzi ndi ena ochepa omwe anachita kupempha okha kulowa m'bungweli, amakumana mu mzinda umodzi kukapikisana pa liwiro, nkhonya, kusambira, ntchembere mbaye ndi masewero ena. Malawi anayamba kupitako mu 1970. Ambirife tikamva za masewerowa timangoganiza za ma Queens, timu yathu ya ntchembere mbaye, komatu mbiri yathu kumeneko inayamba kale atsikanawa asanabadwe, ndipo muli zonyaditsa, muli zowawa.

1. Mendulo zathu zonse zinabwera ndi zibakera

Malawi ali ndi mendulo zitatu zokha za masewero a Commonwealth. Zonse ndi za buronzi, ndipo zonse anazitenga ndi anyamata a nkhonya. Woyamba anali Tatu Chionga mu 1970, pa ulendo woyamba weniweni wa dziko lino ku masewerowa, patangotha zaka 6 chilandirireni ufulu. Ena awiri ndi Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe, onse mu 1986.

Pa nkhonya za mipikisano ngati imeneyi mendulo ya buronzi imakhala iwiri pa sikelo iliyonse. Anthu awiri omwe agonja mu semifainolo samenyananso kulimbirana malo achitatu, aliyense amapatsidwa yake. Choncho atatu athuwa anatsala ndi nkhonya imodzi yokha kuti alowe m'ndime yomaliza. Funsani mwana wasukulu lero kuti Tatu Chionga ndani, sakuyankhani. Izi zimandipweteka, chifukwa munthu ameneyu ndiye anayamba kuika dzina la Malawi pa mndandanda wa mayiko otenga mendulo ku masewerowa.

2. Zonse zitatu zinapezeka mu mzinda umodzi

Masewero a 1970 anachitikira ku Edinburgh, likulu la Scotland. A 1986 anachitikiranso ku Edinburgh komweko. Othamanga ndi ankhonya athu afika ku Brisbane, Kuala Lumpur, Manchester, Melbourne ndi Delhi, koma konseko amabwerako chimanjamanja. Mendulo zathu zinangotuluka m'dziko la kwawo kwa David Livingstone, lomwe mudzi wake wa Blantyre unapereka dzina ku mzinda wathu wa zamalonda pomwe amishoni anakhazikika kumeneko mu 1876.

3. Mendulo ziwiri za 1986 zinabwera anzathu atanyanyala

Apa ndiye pali nkhani yomwe sitikonda kuikamba. Mu 1986 dziko la South Africa linali pa moto, ulamuliro wa tsankho ukupha ndi kutsekera anthu akuda. Mayiko ambiri a Commonwealth ankafuna kuti boma la azungulo liikidwe zilango zokhwima pa zamalonda, koma nduna yaikulu ya Britain, Margaret Thatcher, anakana. Pokwiya ndi zimenezi, mayiko 32 ananyanyala masewero a ku Edinburgh. Nigeria, Ghana, Kenya, Uganda, Tanzania, Zambia, Zimbabwe, India ndi Jamaica onse anakhala kwawo.

Kuchokera kumtunda kuno kwa Africa kunapita mayiko anayi okha: Botswana, Lesotho, Swaziland ndi Malawi. Atatu oyambawo chuma chawo chinali m'manja mwa South Africa, yemwe anawazinga pafupifupi mbali zonse. Ife chifukwa chathu chinali china. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi Pretoria mu 1967, linalandira ngongole yomangira likulu la Lilongwe kuchokera komweko, ndipo Kamuzu mwiniwake anakachezako mu 1971. Kunyanyala masewero chifukwa cha South Africa sikukanatheka.

Zotsatira zake zinaonekera kwambiri m'bwalo la nkhonya, chifukwa mayiko omwe ananyanyalawo ndi omwe ankakonda kukolola mendulo za nkhonya. Ankhonya anachepa, njira yofikira ku semifainolo inafupika. Sindikunena izi pofuna kuchepetsa Mphande ndi Kondowe. Iwo sanasankhe ndale za nthawi imeneyo, anakwera ndege, analowa mu ring'i, analandira zibakera zenizeni, ndipo bwalo lomwelo ndi lomwe Lennox Lewis anatengeramo golide akuimira Canada asanakhale katswiri wa dziko lonse. Koma mbiri iyenera kukambidwa yonse: pa mendulo zathu zitatu, imodzi yokha ndi yomwe inapezeka Africa yense alipo.

4. Tinapitako kale, koma pansi pa mbendera ya chitaganya

Masewerowa anayamba mu 1930 ku Hamilton m'dziko la Canada, pansi pa dzina la British Empire Games. Mu 1962, ku Perth m'dziko la Australia, kunapita timu imodzi ya Rhodesia ndi Nyasaland, yoimira chitaganya chomwe makolo athu ankachikana ndi moyo wawo wonse. Chitaganyacho chinatha kumapeto kwa 1963, ndipo mu 1970 mbendera ya dzuwa lotuluka inaoneka payokha pa bwalo la Meadowbank ku Edinburgh.

5. Timu yomwe yatitchukitsa kwambiri ilibe mendulo

Ntchembere mbaye inayamba kupikisaniridwa mendulo ku masewerowa mu 1998. Ma Queens anamaliza pa nambala 6 ku Melbourne mu 2006, nambala 5 ku Delhi mu 2010, nambala 5 ku Glasgow mu 2014, kenaka nambala 7 mu 2018 ndi 2022. Palibe timu ina ya dziko lino, ya amuna kapena ya akazi, yomwe inafikapo pafupi chotere ndi akuluakulu a dziko lonse pa masewero ake. Mary Waya, Peace Chawinga ndi anzawo ndi omwe analambula njira, ndipo pofika 2014 atsikana athu anali akupanikiza New Zealand mpaka mphindi zomaliza, n'kugonja ndi mabasiketi atatu okha, 50 kwa 47.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti ntchembere mbaye kulibe ku Olimpiki. Masewero omwe timawatha koposa onse alibe malo pa mpikisano waukulu kwambiri padziko lapansi. N'chifukwa chake kwa ma Queens, ndi kwa Australia ndi New Zealand omwe, masewero a Commonwealth ndi ofunika mofanana ndi chikho cha dziko lonse, ndipo aliyense amabwera ndi timu yake yeniyeni.

6. Lamulungu lija tinagwetsa New Zealand

Pa 8 April 2018, ku Gold Coast m'dziko la Australia, ma Queens anagonjetsa Silver Ferns ya New Zealand ndi mabasiketi 57 kwa 53. Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, dziwani kuti New Zealand inali itafika m'ndime yomaliza pa masewero onse a Commonwealth kuyambira 1998, ndipo inatenga golide mu 2006 ndi 2010. Osewera ake amalipidwa kuti azisewera basi. Athu ambiri anali ndi ntchito zina, ena asilikali, ena apolisi, mpira n'kumasewera akaweruka.

Popita kopumulira Malawi inali kumbuyo, ndipo zinkaoneka ngati zithera momwe zimathera nthawi zonse. Chinasintha zinthu ndi kaseweredwe kathu komwe matimu akuluakulu amadana nako. Mu ntchembere mbaye, basiketi ikalowa, mpira umayambira pakati mosinthanasinthana, uku timu iyi, kenaka inayo, posatengera yemwe wagoletsa. Ndiye timu yomwe sitaya mpira pa nthawi yake yoyambitsa singasiyidwe patali, ndipo ikalanda mipira ingapo ya mdani imapitirira. Wosewera amaloledwa kugwira mpira masekondi atatu okha. Ma Queens anagwiritsa ntchito masekondi onsewo: kupatsirana pafupipafupi, kubwerera m'mbuyo ngati kutsogolo kwatsekeka, kudumphitsa mpira pansi, osathamangira kuponya patali. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Takondwa Lwazi, wamfupi pakati pa zimphona, ankauzungulitsa mpira m'mphepete mwa seko mpaka mpata utapezeka, kumbuyo Towera Vinkhumbo ndi anzake akulanda, ndipo pansi pa golo panali Mwai Kumwenda.

Mwai sanali mlendo kwa otchinga a New Zealand. Anasewerapo zaka zitatu mu timu ya Tactix ya ku Christchurch asanapite ku Melbourne Vixens, ndipo mu 2015 anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney. Ankawadziwa mmene amadumphira ndi mmene amakankhira. Wezulo yomaliza italira, atsikana anagwerana pansi, kenaka n'kudzuka kuvina pabwalo pomwepo, anthu a ku Australia omwe anadzaza holoyo akuwaombera m'manja.

New Zealand sinadzukenso pa mpikisanowo. Inagonja kwa England, kwa Australia, ndipo Jamaica inailanda buronzi, n'kubwerera kwawo popanda mendulo koyamba m'mbiri yake. Bungwe lawo linachita kafukufuku, mphunzitsi Janine Southby anatula pansi udindo, Noeline Taurua analowa m'malo, ndipo mu July 2019 timu yomweyo inatenga chikho cha dziko lonse ku Liverpool pogonjetsa Australia 52 kwa 51. Ogonja aja anakonza nyumba yawo m'miyezi 15. Ife opambana tinavina, tinalandira atsikana ku bwalo la ndege, koma kakonzekeredwe ka timu sikanasinthe kwenikweni.

7. Tinapambana masewero ofanana ndi New Zealand, koma tinamaliza pa nambala 7

M'gulu lomwelo la 2018, England inapambana masewero onse. New Zealand, Uganda ndi Malawi aliyense anapambana atatu n'kugonja awiri. Poti mapointi anafanana, anayang'ana kuchuluka kwa mabasiketi omwe timu yagoletsa poyerekeza ndi omwe yagoletsedwa, ndipo apa New Zealand inadutsa, Uganda inakhala yachitatu, ife achinayi. Chomwe chinatitsekera khomo la semifainolo ndi kugonjetsedwa ndi Uganda ndi mabasiketi awiri okha. Tikanapambana masewero amenewo, tikanalowa m'ndime ya matimu anayi.

Kugonja kumeneko kunali chenjezo. Kwa zaka zambiri ufumu wa ntchembere mbaye mu Africa tinkalimbirana ndi South Africa yokha. Ku Birmingham mu 2022, She Cranes ya Uganda inamaliza pa nambala 5, pamwamba pa South Africa ndi pamwamba pathu.

8. Zonsezi zinkachitika timu ikukonzekera pa simenti, padzuwa

Mipikisano ya kunja imaseweredwa m'nyumba, pa bwalo la matabwa lomwe limafewetsa kudumpha ndi kutera. Ma Queens kwa zaka zambiri m'bindikiro wawo unkachitikira pa bwalo la simenti la Blantyre Youth Centre, pamtetete, mvula ikagwa masewero n'kuima. Simenti imadya mawondo ndi akakolo, komanso mpira sudumpha mofanana ndi pa matabwa, kotero atsikana ankakazolowera bwalo atafika kale kumpikisano. Nyumba yoyenera, Griffin Saenda Sports Complex ku Lilongwe, yotchedwa dzina la malemu mphunzitsi wa timuyi, inayamba kugwira ntchito pa masewero a achinyamata a m'chigawo chino cha Africa mu December 2022. Apa n'kuti patatha zaka 15 kuchokera pomwe ma Queens anakhala achisanu pa dziko lonse ku Auckland mu 2007.

9. Kachilumba ka anthu ochepa kuposa a m'tauni ya Dedza kali ndi golide wambiri

Tikamadandaula timakonda kunena kuti ndife dziko laling'ono komanso losauka. Nauru ndi kachilumba ka m'nyanja ya Pacific, ka anthu pafupifupi 12,000. Munthu mmodzi wa kumeneko, Marcus Stephen, anatenga mendulo 7 za golide pa masewero a Commonwealth ponyamula zitsulo, ndipo mu 2007 anakhala mtsogoleri wa dzikolo. Anthu a ku Nauru anasankha masewero amodzi ogwirizana ndi matupi awo n'kuikapo mtima wonse.

Anansi athu nawonso sali pomwe tili. Zambia inatenga golide wa nkhonya kudzera mwa Lottie Mwale ku Christchurch mu 1974, ndipo mu 2022 Muzala Samukonga, ali ndi zaka 19, anapambana mpikisano wa mamita 400 ku Birmingham. Mozambique, yomwe sinalamulidwepo ndi Britain ndipo inalowa mu Commonwealth mu 1995, inatenga golide patangotha zaka zitatu, Maria Mutola atapambana mamita 800 ku Kuala Lumpur, n'kubwerezanso ku Manchester mu 2002. Ine ndimaona kuti vuto lathu ndi kumwaza ndalama zochepa zomwe zilipo pa masewero ambirimbiri, kenaka n'kuitana osewera ku m'bindikiro kutatsala masabata owerengeka.

 

10. Wosewera mpira wa miyendo ndiye anatsala pang'ono kuthetsa chilala

Asimenye Simwaka anthu anayamba kumudziwa ngati wosewera wa Scorchers, timu ya dziko lino ya mpira wa miyendo ya amayi. Liwiro lomwe ankasiyira nalo otchinga kumbuyo ndi lomwe linamutengera ku mipikisano yothamanga, ali wamkulu kale, pa msinkhu womwe anzake a ku Jamaica ndi England amakhala atathamanga zaka zambiri pansi pa aphunzitsi. Anakaimira Malawi ku Olimpiki ya ku Tokyo pa mamita 100.

Ku Birmingham mu August 2022 anathamanga mamita 400, kuzungulira bwalo kamodzi, mpikisano womwe miyendo imauma pa mamita 100 omaliza. Anadutsa ndime yoyamba, anadutsa semifainolo, n'kulowa m'gulu la akazi 8 omaliza. Sada Williams wa ku Barbados ndiye anatenga golide. Simwaka anafika wachisanu ndi chimodzi pa masekondi 51.55, liwiro lomwe mkazi wa ku Malawi anali asanathamangepo, ndipo pakati pa iye ndi Jodie Williams wa ku England yemwe anatenga buronzi panali mpata wosakwana theka la sekondi. Chaka chotsatira anavalanso jezi ya Scorchers n'kuthandiza timuyo kutenga chikho cha COSAFA ku South Africa.