Nyanja ya Chilwa ikaphwa: chimachitika n'chiyani, nanga tingakonzeretu bwanji?

Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Mu 2012 ndi mu 2018 madzi anathawanso kutali, mabwato n'kutsala pamatope ong'ambika pa doko la Kachulu ku Zomba. Vuto lobwerezabwereza chotere si ladzidzidzi ayi. Anthu pafupifupi 1.5 miliyoni a m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe amene amadalira chigwa cha nyanjayi ayenera kukhala akudziwa kuti chaka chouma chidzabweranso, ndipo nthawi yochikonzekera ndi pamene nyanja ili yodzadza.

Nyanja yonse imatha bwanji?

Chilwa ndi nyanja yosazama, malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi ngati mmene Shire amachitira ku nyanja ya Malawi. Madzi amalowa kudzera m'mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, ndipo amachoka ndi dzuwa basi. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, dzuwa limamwa madzi ochuluka kuposa amene mitsinje ikubweretsa.

Koma si mvula yokha. Mitsinjeyi imachokera m'mapiri a Zomba ndi Mulanje komanso kumtunda kwa Chiradzulu. Kumene mitengo inatha ndi makala, mvula siilowa pansi. Imathamanga tsiku limodzi, yofiira, itanyamula dothi la m'minda ya anthu, n'kukalisiya m'nyanja. Pofika Seputembala mtsinje womwewo umakhala mchenga wokhawokha. Wootcha makala kuphiri ndi msodzi wa pachilumba cha Chisi sadziwana, komabe nkhwangwa ya wina imafika m'mbale ya mnzake.

Amene amayamba kuvutika

M'zaka zabwino Chilwa imapereka gawo lalikulu la nsomba zodyedwa m'dziko muno, makamaka matemba, makumba ndi milamba. Matemba ndi ndiwo ya wosauka: kamulu kamodzi kamakwanira banja. Nyanja ikaphwa, msodzi amasowa chochita, mayi wowamba ndi kugulitsa nsomba amasowa mpamba, wakabaza wonyamula madengu amasowa katundu. Ambiri amatembenukira kutchera mbalame za m'madambo, mbalame zomwe zinachititsa kuti malowa alembedwe pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo. Ena amalowa m'phiri kukaotcha makala, ndipo vuto limabwerera kumene linayambira.

Alimi a mpunga m'masikimu a Domasi ndi Likangala nawo amakanganirana madzi, wa kumtunda kutseka ngalande, wa kumunsi nazale yake kuuma.

Madzi akumwa

Poti nyanjayi siitulutsa madzi, imakhala ndi kamchere, ndipo ikamaphwa mcherewo umawonjezereka. Asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama tomangidwa pa njedza, amamwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo. N'chifukwa chake kolera sachedwa kubuka kumeneko, ndipo mu 2016 azaumoyo anachita kuwalondola m'zimbowera momwemo ndi katemera wakumwa. Mijigo yogwira ntchito pa madoko, kolorini wa m'ndowa ndi zimbudzi zakumtunda ziyenera kukhalapo madzi asanayambe kuchepa. Kudikira kuti odwala adzadze m'matenti ndiye tiyambe kuthamanga n'kutaya miyoyo.

Maiwe amene amabweza nsomba

Anthu ambiri amadabwa kuti nsomba zimachokera kuti nyanja ikadzadzanso. Zimabisala m'maiwe akuya a m'mitsinje ndi kumathiriro, m'madzi ochepa otsalira. Mvula ikabwera zimatsikira m'nyanja n'kuswana. Tsono maiwe amenewa ndiwo nkhokwe ya mbewu. Munthu mmodzi akathiramo katupe, kapena akakokamo ukonde wa udzudzu, wadya nsomba za zaka zingapo pa tsiku limodzi.

Nyanja itaphwa mu 1995, mafumu, asodzi ndi a nthambi ya zansomba anagwirizana zolondera maiwewa ndi kuletsa katupe, ndipo nsomba zinabwerera. Ntchito imeneyi siilira ndalama zambiri. Imalira mfumu yosaopa kulanga mphwake, komanso chakudya choti wolondera asamalondere nsomba ana ake akugona ndi njala. Apa ndi pamene thandizo la boma ndi mabungwe limafunika kwambiri, ndipo liyenera kufika msanga.

Kumunda

Chaka chilichonse, mvula isanayambe, nthambi yoona zanyengo imalengeza mmene dzinja likuyembekezeka kukhalira, mpaka boma ndi boma. Ulosiwu si lonjezo, koma mlimi amene waumva amasankha mbewu ndi maso otsegula. Akamva kuti kukubwera El Niño, monga mu dzinja la 2023/24 pamene ng'amba inapsereza chimanga ndipo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, amagula chimanga chocha msanga ndipo sapereka munda wonse kwa chimangacho.

Alimi a m'chigwachi amadziwa kale nandolo. Mizu yake imapita pansi kwambiri, amapirira dzuwa, amabwezera chonde, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Chinangwa, mbatata ndi mapira nazo zimadikira mvula moleza mtima kuposa chimanga. Pa munda wotsetsereka, akalozera ndi udzu wa vetiva zimagwira dothi, mizere yotseka imasunga madzi pamene agwera. Lowetsani dzanja pansi pa mapesi ophimbira pakatha sabata mvula isanagwe: dothi limakhala lozizira ndi lonyowa, pamene mzere wapambali wosaphimbira wauma gwa. Kutentha mapesi pofuna mbewa n'kutentha madzi a mwezi wa Febuluwale.

Madzi akabwera mwaukali

Chigwa chomwechi chimavutikanso ndi madzi osefukira. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mapiri ku Mulanje ndi Phalombe, kukokolola midzi ndi kukwirira minda mumchenga ndi miyala. Nyanja inadzadza, ndipo amene anatsatira chinyezi n'kukalima kapena kumanga pamene panali madzi kale anataya zonse.

Choncho makomiti a m'midzi oona za ngozi ayenera kudziwa malire akale a madzi, malo okwera othawirako, ndi nkhalamba zofunika kunyamulidwa. Chaka chimene matemba achuluka, phindu lina lilowe ku banki m'khonde kapena ligule mbuzi, ndipo mbewu yobzala isungidwe pamalo okwera, m'chotengera chosalowa madzi.