Msoko wa pokhota, pomwe mmisiri wa mipando amadziwikira

Mukamadutsa ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe, kapena ku Ndirande ku Blantyre, maso amathamangira ku masofa oyalidwa m'mbali mwa msewu. Wogula amakhalapo, amadinikiza siponji ndi chibakera, kenako n'kuyamba kunenerera mtengo. Ndi ochepa amene amawerama kuti aone kutsogolo kwa mkono wa mpando, paja pamene kachidutswa kozungulira kamakumana ndi nsalu yoyenda mowongoka. Komatu nkhani yagona pamenepo. Msoko wowongoka ngakhale wophunzira ntchito amausoka bwinobwino. Wa pokhota ndi umene umaulula amene anakhala pa makina.

Ntchito yotereyi ili paliponse: pa khushoni yozungulira, pa situlu, pa mipando ya minibasi, pa chishalo cha njinga yamoto ya kabaza. Zidutswa zake zimakhala ziwiri. China ndi chapamwamba, chodulidwa mokhota motsatira siponji. China ndi lamba wowongoka woti ayende m'mbali monse. Zikalakwika, lamba amatsala chibanthu kumapeto kapena amaperewera, pamsoko pamachita makwinya, mwinanso khushoni yonse imapotoka, kutsogolo kuyang'ana kwina, kumbuyo kwina.

Ambiri amaloza chala makina. Makinawo ali ndi mlandu wake, koma vuto limayambira patebulo lodulira, singano isanalowe n'komwe.

Tengani khushoni ya situlu yomwe ikatha iyenera kukhala masentimita 40 kuchoka mbali ina kufika mbali ina, kudutsa pakati. Kuzungulira kwake ndi 40 kuchulukitsa ndi 3.14, zomwe zikupereka masentimita 125.6. Koma nsalu simuidula ndendende pa mzere wosokapo. Mumasiya malo a msoko, omwe pantchito ya mipando amakhala theka la inchi, kapena tinene masentimita 1.2. Chidutswa chodulidwacho ndiye chikhala masentimita 42.4, ndipo m'mphepete mwake mukazungulira ndi tepi mupeza masentimita 133.1. Mmisiri amene amayeza lamba pozunguliza tepi m'mphepete modulidwamo wadziwonjezera masentimita 7.5 opanda kolowera. Nsalu yotsalayo aikankhira pansi pa phazi la makina pang'onopang'ono, ndipo makwinya aja ndi amenewo.

Chodabwitsa n'chakuti 7.5 ameneyu sasintha. Kaya ndi kakhushoni ka mwana, kaya ndi khushoni yaikulu yokhalapo anthu atatu, bola ngati malo a msoko ndi 1.2, kusiyanako kumakhala komweko. Amene anaonerapo mpikisano wothamanga mamita 400 pa Bingu National Stadium akudziwa kuti othamanga sayambira pamzere umodzi. Wa mumsewu wachiwiri amaima patsogolo pa mnzake ndi mamita pafupifupi 7, chifukwa njira yakunja ndi yaitali. Nsalu nayo ili chimodzimodzi. Zoyenera kufanana ndi mizere iwiri imene singano idutsemo, osati m'mphepete modulidwa ndi sizasi. Lamba wa situlu ija adulidwe masentimita 125.6, kuphatikizapo 2.4 olumikizira nsonga zake ziwiri, onse pamodzi 128.

Chishalo cha kabaza sichozungulira ngati situlu, choncho 3.14 sathandiza. Pamenepo mmisiri amajambula mzere wosokapo ndi choko kunsi kwa chidutswa, n'kuimika tepi cham'mbali, osati kuigoneka, kuti ikhote motsatira mzerewo. Amene amagwiritsa ntchito nsalu yakale ngati patani ayenera kuchenjera, chifukwa yakaleyo inatanuka ndi dzuwa komanso kulemera kwa okwera, ndipo sinatanuke mofanana. Njira yabwino ndi kuipinda pakati, kusankha mbali imene sinaonongeke kwambiri, kuijambula pa katoni, n'kutembenuza katoniyo kuti mbali inayo ituluke yofanana.

Akadula, ntchito yotsatira ndi yoika zizindikiro, ndipo iyi ndi imene anthu othamangira ndalama amailumpha. Chidutswa chozungulira chimapindidwa pakati, kenako pakatinso, kuti chigawike panayi, ndipo pamapindo onse anayi amalembapo ndi choko kapena kudulapo kachidutswa kakang'ono m'mphepete. Lamba wolumikizidwa kale amamugawanso panayi. Posoka, chizindikiro chimayenera kukumana ndi chinzake. Ubwino wake ndi woti cholakwa chimaoneka msanga. Ngati pofika pa chizindikiro choyamba lamba watsogola ndi theka la sentimita, mwadziwa kuti dzanja likukoka, ndipo mukonza pomwepo. Wopanda zizindikiro amadziwa atazungulira khushoni yonse, ulusi utapita kale. Pa khushoni yokhala ndi chidutswa chapamwamba ndi chapansi, zizindikiro za pa lamba zimalembedwa mbali zonse ziwiri moyang'anizana. Kupanda kutero ndiye kupotoka kuja.

Tsopano sizasi ibwerenso. Lamba wowongoka sangakhote yekha. M'mphepete mwake muyenera kuyenda njira yakunja ija, yaitali masentimita 133.1, pamene nsalu ilipo ndi ya 125.6 yokha. Ndiye mmisiri amatema timipata m'malo a msoko a lambayo, motalikirana sentimita imodzi kapena awiri, pokhota kwambiri timipatato n'kuyandikana. Lamba akagona pa chidutswa chozungulira, timipatato timayasamula, ndipo masentimita 7.5 osowa aja amachokera mmenemo. Nsonga ya sizasi iyenera kulekeza mamilimita awiri kapena atatu isanafike pa mzere wosokapo. Ikapitirira, khushoni idzabooka pamsoko munthu akangokhalapo. Ikachita mantha n'kulekeza kutali, lamba sakhota. Akamaliza kusoka, asanatembenuze, amadulanso timakona m'mphepete mwa chidutswa chozunguliracho, poti nsalu yake ikalowa mkati imaunjikana n'kupanga zotupa zomveka ndi chala.

Pamalo okhota molowa mkati, monga paja pamene chishalo chimatsika pakati pa woyendetsa ndi wokwera, zinthu zimatembenuka. Chidutswa chokhotacho ndicho chimaperewera m'mphepete, ndipo ndicho chofunika kutemedwa timipata.

Nsalu yolukidwa ili ndi khalidwe lina lofunika kulidziwa. Mukaikoka m'litali siitanuka kwenikweni, m'lifupi imatanuka pang'ono, koma mukaikoka mopingasa, kuchoka pakona kupita pakona, imatanuka kwambiri. Lamba amadulidwa motsatira ulusi, choncho ndi wouma khosi. Chidutswa chozungulira chimadutsa mopingasa malo anayi, ndipo m'malo amenewo chimangomvera dzanja lililonse lochikoka. Mmisiri wosamala amayamba wachisoka chokha mzere umodzi kuzungulira, pafupi ndi mzere wosokapo, kuti chisatanuke. Ndi mphindi zochepa, koma zimapulumutsa nsalu yodula.

Mlandu wa makina ndi uwu. Makina wamba, monga Singer kapena Butterfly opalasa ndi mapazi aja, omwe amapulumutsa amisiri ambiri magetsi akazima, amakoka nsalu ndi mano apansi okha. Nsalu yapansi imathamanga, yapamwamba imatsalira chifukwa phazi laipanikiza. Pa malaya kusiyanako sikuoneka, koma pa nsalu yokhuthala ya sofa kumakula msoko ukamatalika. Makina opangidwira ntchito ya mipando, monga ena a kampani ya ku Japan ya Juki, ali ndi phazi loyenda limodzi ndi mano, moti nsalu zonse ziwiri zimasuntha pamodzi. Ndi abwino, koma si aliyense angawakwanitse, ndipo kunena zoona ndaonapo makwinya otuluka m'makina odula ngati omwewo. Amene ali ndi makina wamba amaika chidutswa chokhota pansi chitagona bwino, lamba pamwamba kuti aziona timipata tikuyasamula. Amasoka pang'ono, amaima singano ili m'nsalu, amakweza phazi, amatembenuza pang'ono, n'kupitiriza. Pa chishalo, ndi bwino kuyambira pakati kutsogolo kupita kumbuyo mbali imodzi, kenako kubwerera pakati pomwepo kusoka mbali inayo. Cholakwa chilichonse chikathere kumbuyo, osati kupotoza mphuno ya chishalo.

Rexine, yomwe imakuta mipando yambiri ya minibasi ndi zishalo za kabaza, sikhululuka. Singano ikabowola yabowola. Kusula msoko n'kusokanso kumasiya mzere wa timabowo momwe mvula imalowera, siponji n'kumwa madzi, wokwera n'kutsika thalauza litanyowa kunja kuli dzuwa. Pa chifukwa chomwecho mapini sagwiritsidwa ntchito. Zidutswa zimagwiridwa ndi zopanira mapepala kapena sitepula yomenyedwa m'malo a msoko momwe simudzaoneka. Ulusi ukhale wa nayiloni, ndipo msoko ukhale wotalikirana mamilimita anayi kapena asanu, chifukwa timabowo tikathithikana rexine imang'ambika motsatira mzerewo. Imafewanso ikatenthedwa, moti chidutswa chosiyidwa padzuwa chimatanuka mosavuta kuposa chinzake chomwe chinali pamthunzi. Zonse ziwiri zikhale pamalo amodzi zisanalowe pa makina.

Nanga kachingwe kokutidwa ndi nsalu kamene kamayenda m'mphepete mwa khushoni, kaja amati paipingi? Nsalu yake imayenera kudulidwa mopingasa, pa madigiri 45, kuti ikhote mosakwinyika. Kudula motero kumadya nsalu yambiri, n'chifukwa chake ambiri amangotola zotsalira zowongoka. Pamzere wowongoka palibe angadziwe. Pokhota paipingiyo imapiringizika. Iyenera kusokedwa kaye pa chidutswa chokhota, kenako lamba n'kubwera pamwamba, msoko wachiwiri ukudutsa mkati pang'ono mwa woyamba kuti ulusi woyambawo ubisike.

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'mashedi a amisiri kasitomala akaloza makwinya: akuti siponji ikalowa ziwongoka. Pali choonadi pang'ono. Siponji imadulidwa yokulirapo pafupifupi sentimita imodzi kuposa nsalu, kuti ikalowa ikunge bwino, ndipo timafunde ting'onoting'ono timathadi. Koma khwinya losokeredwa ndi ulusi silichoka, ngakhale mutaikamo siponji yolimba chotani. Amisiri ambiri amalipidwa potengera mipando imene amaliza, osati kukongola kwa msoko, ndiye n'zosadabwitsa kuti choko ndi timipata zimaoneka ngati zotaya nthawi.

Wogula ali ndi njira yodziwira. Tsegulani zipi ya khushoni, tembenuzani kona imodzi, muone kunsi kwa msoko. Ngati timipata tilipo, totalikirana mofanana ndipo sitinafike pa ulusi, ngati zizindikiro za choko zikukumana, mtengo umene akutchulawo mukhoza kuuganizira. Ngati khushoniyo ilibe zipi, yendetsani chala pamsoko wa pokhota, kenako muime kutsogolo kwa sofa muone ngati mikono yake iwiri ikufanana.