Malipiro a namwino akudziwika kale, nanga a mabwana?

Pa Lisungwi ku Neno, malipiro a ogwira ntchito m'boma akalowa, uthenga umafika pa golosale mwini ndalama asanatuluke m'kalasi. Wagolosale amatsegula kabuku ka ngongole. Mwini nyumba amadzera pakhomo kudzapereka moni. Wakabaza amakumbukira maulendo a ku Zalewa amene sanalipiridwe, ndipo kumudzi nako foni imalira: feteleza, fizi ya mwana wa achemwali, mankhwala a amayi. Mphunzitsi, namwino ndi mlangizi wa zaumoyo sakhala ndi chinsinsi pa zomwe amalandira. Dera lonse la mfumu yaikulu Symon limadziwa tsiku lake, ndipo ambiri angakuuzeni ndi kuchuluka kwake komwe.

N'chifukwa chake funso lakuti boma liziulula malipiro a antchito ake kapena ayi limamveka mosiyana kuno ndi ku Capital Hill. Wokhoma msonkho akunena zoona akamati ndalama ndi zake, ayenera kudziwa kumene zikupita. Msonkho amaukhoma ndithu, akamagula mayunitsi a foni kapena sopo. Naye wantchito sakulakwa akamakana kuti pepala lake la malipiro likhale la aliyense. Malamulo aakulu a dziko lino anaika zonse ziwiri: gawo 37 limapereka ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga, gawo 21 limateteza zinsinsi za munthu.

Tiyambe ndi pepalalo. Amene sanagwirepo ntchito m'boma amaganiza kuti pamakhala nambala imodzi. Pamwamba pamakhaladi giredi ndi malipiro ake. Koma m'munsi mwake ndi mmene muli moyo wa munthu: msonkho, chopereka cha ku bungwe la apantchito, ndi ngongole zimene makampani obwereketsa ndalama amadula malipiro asanafike kubanki. Pali aphunzitsi amene ndalama yotsala ikafika pafoni sikwana thumba la chimanga ndi lendi, moti sabata isanathe amakhala ali kwa akatapila kapena ku banki mkhonde. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ngongolezi zinangokula. Kupachika pepala lotere pakhoma n'kumuvula munthu pagulu. Mwana wa sitandade 7 adziwe kuti aphunzitsi ake atsala ndi zingati mwezi uno kuti zimuthandize chiyani? Ndipo pamalo ang'ono ngati pano, pamene namwino amachita lendi nyumba yopanda mpanda n'kumayenda usiku akaitanidwa kuchipatala, dzina lokhala ndi nambala pambali pake limaitana akuba, nsanje ndi opempha.

Komabe sindingaime pamenepo, chifukwa mbiri ya dziko lino ikuonetsa kuti ndalama za boma zimatayikira mumdima. Mu September 2013, Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, anawomberedwa ku Lilongwe, ndipo m'masabata otsatira dziko linamva za Cashgate. Ogwira ntchito a magiredi apansi ankapezeka ndi matumba a ndalama m'galimoto ndi m'nyumba, ena ali ndi nyumba zimene malipiro awo a zaka makumi angapo sakanamanga. Anthu anazindikira kuti n'zakuba poyerekeza chumacho ndi malipiro a girediyo. Pamenepa kudziwika kwa malipiro kunathandiza. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lakuti mtsogoleri wa dziko, nduna, aphungu ndi akuluakulu ena a boma aziulula chuma chawo, ngongole zawo ndi mabizinezi awo ku ofesi yapadera, ndipo nzika ikhoza kupempha kuona zimene analembazo. Vuto lake n'lakuti mlimi wa ku Lisungwi sangagulitse mbuzi kuti apeze thiransipoti yokawerenga mafomu ku Lilongwe.

Nkhani ya 2021 ndiyo imandikhudza kwambiri. Boma linatulutsa K6.2 biliyoni yolimbana ndi Covid-19, ndipo ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma itaunika inapeza kuti ndalama zambiri zinathera m'maalawansi ndi kugula katundu mosatsata ndondomeko. Mu April 2021 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anachotsa nduna ya zantchito, Ken Kandodo, pa nkhani ya alawansi ya ulendo wa ku South Africa yochokera m'thumba lomweli. Nthawi yomweyo aphunzitsi, kudzera m'bungwe lawo la TUM, anali akunyanyala ntchito kufuna alawansi ya chiopsezo. Chakwera anatuma wachiwiri wake, malemu Saulos Chilima, kuti atsogolere gulu lounika maalawansi, kagulidwe ka katundu wa boma ndi makontirakiti a ntchito. Lipoti linaperekedwa mu May 2021, koma boma limenelo silinalitulutse kuti anthu aliwerenge, ngakhale mabungwe ndi atolankhani analipempha kangapo.

Apa ndi pamene pali bala. Chimene chimabisika m'boma si malipiro a pamwezi. Magiredi amalembedwa ndi zilembo kuyambira A, ndipo boma likakweza malipiro, kalata yake imazungulira pa WhatsApp tsiku lomwelo. Chobisika ndi chapambali: alawansi yogonera kunja, malita a mafuta a galimoto, misonkhano ya kunyanja imene mayina omwewo amapezekapo mwezi ndi mwezi, makontirakiti a mabwana a makampani a boma. Mlangizi wa zaumoyo wopalasa njinga m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Lisungwi kukapereka katemera amamva kuti kunali maphunziro ku Mangochi ataona zithunzi. Anapita ndani, anasankhidwa bwanji, analandira zingati? Iyeyo ndi wa m'boma, koma naye sadziwa. Kuulula za maalawansi kungayambe kuthandiza iyeyu wokhoma msonkho asanafike n'komwe.

Neno ili ndi chifukwa chinanso. Bomali linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo kwa zaka zambiri ogwira ntchito akhala akulizemba chifukwa cha misewu ndi kutalika kwake. Kuyambira 2007 bungwe la Partners In Health, lodziwika kuno kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito limodzi ndi unduna wa zaumoyo, ndipo chipatala cha Lisungwi ndi chimodzi mwa zipatso zake. Kudera lotere, funso limene mayi wodikira pamzere ali nalo si lakuti namwino amalandira zingati. Iye akufuna kudziwa kuti boma linalemba anamwino angati a pamalo pano, ndipo amene akuwaona ndi angati. Nkhani ya mizukwa, mayina a anthu omwalira, opuma kapena ongopeka amene amalandirabe malipiro, yabwera kangapo m'dziko muno, moti boma lakhala likuwerenga antchito ake mmodzimmodzi. Koma wowerenga wochokera ku likulu amabwera tsiku limodzi n'kupita. Komiti ya sukulu ndi komiti ya chipatala zimakhala pomwepo chaka chonse. Mndandanda wa mayina ndi maudindo, wopanda ngongole za munthu, utapachikidwa pa sukulu iliyonse ndi chipatala chilichonse, mzukwa sungathe teremu usanagwidwe.

Mayiko ena anadutsamo m'mkangano womwewu. Chigawo cha Ontario ku Canada, kuyambira 1996, chimasindikiza mayina a antchito a boma olandira madola 100,000 kapena kuposerapo pachaka, otsika amasiyidwa. Ku Norway aliyense akhoza kuona zimene mnzake anapeza ndi msonkho umene anakhoma, koma kuyambira 2014 wofufuzidwayo amaonanso dzina la amene wamufufuza, ndipo ongofuna miseche anachepa. Ine ndingatenge nzeru ya ku Ontario: munthu akamakwera udindo ndi kugwira kwambiri thumba la boma, dzina lake lizionekanso kwambiri. Mlembi wamkulu wa unduna, bwanamkubwa, phungu ndi mkulu wa kampani ya boma, malipiro ndi maalawansi awo zilembedwe ndi mayina. Kwa mphunzitsi wa pulayimale, giredi yake yakwana.

Zida zake zilipo kale. Lamulo lopereka mwayi wopeza nkhani za boma linasainidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limaliyang'anira. Limalola ofesi kukana kupereka zinsinsi za munthu payekha, zimenenso lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linalimbitsa. Ngongole ya namwino ndi yotetezedwa pamenepo. Koma ndalama zimene khonsolo yawononga pa maalawansi chaka chino, chiwerengero cha antchito a chipatala kapena mipando yopanda anthu pa sukulu si chinsinsi cha munthu aliyense. Komiti ya chitukuko ya kwa Symon ikhoza kulemba kalata lero, kuipereka ku ofesi ya khonsolo ku Neno boma, n'kuyamba kuwerenga masiku 15 a ntchito amene lamulo linapatsa ofesiyo kuti iyankhe.