Kodi mumadziwa? Katyetye wa ku Kabwe ali ndi mbale wake ku Himalaya

Mukaona kambalame kakuda ndi koyera kakuthamanga pabwalo ku Kabwe, mchira uli gwedegwede, dziwani kuti ndi African Pied Wagtail, kamene anansi athu Abemba amati katyetye. Sikaopa anthu. Kamatola tizilombo pakapinga wothirira ndipo kamamanga chisa ngakhale pakhoma la nyumba.

Mbale wake, Grey Wagtail, amaswana m'mbali mwa mitsinje yothamanga ya m'mapiri a ku Ulaya ndi ku Asia, kuphatikizapo Himalaya. Ndi wotuwa kumsana, wachikasu kumimba, wotalika masentimita 18 kapena 19 basi. Kukazizira kwawoko amathawira kofunda, ndipo owerengeka amafika mpaka ku Zambia ndi ku Malawi m'nyengo ya dzinja. Kumuona ndi mwayi waukulu!

Ngakhale ali paulendo, amafunabe madzi oyera otsetsereka pamiyala, monganso Mountain Wagtail wa pamtsinje wa Mulunguzi ku Zomba. Amadumpha mwala ndi mwala kugwira tizilombo tobadwira m'madzi. Mitengo ya m'mbali ikadulidwa, matope amakwirira miyala, tizilombo timatha, mbalame n'kusamuka.