Kagalimoto ka Liwiro pa Ulendo wa ku Nchito

Mini Cooper, kagalimoto ka ku England kamene kanayamba kupangidwa m'caka ca 1961, kanapambana mpikisano wa Monte Carlo mu 1964, 1965 ndi 1967. Koma mpikisano ndi wa masiku owerengeka, pamene ulendo wa ku nchito ndi wa m'mawa uli wonse.

M'tauni kamakondweretsa mwini wace, pakuti kamamwa petulo pang'ono ndi kuima pa malo opapatiza. Bvuto liri pa klachi. Magiya ace anai amasinthidwa ndi dzanja, ndipo woyendetsa akazolowera kusiya phazi pa klachi, imatha msanga, malipiro nathera kwa makaniko. Mawilonso ndi a mainchesi 10 okha, tsono pa mseu wa maenje mimba yace imagunda miyala.

Motero wofuna kagalimoto kotere ayambe wayang'ana mseu wa kwao asanawerenge ndarama zace.