Mchere m'Minda ya Chigwa cha Shire

Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, Amang'anja anali kale kutcheza mchere kuchokera m'dothi ndi kuugulitsa kwa anthu a kumapiri. Mchere womwewo ndiwo lero uyeretsa minda ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje ngati yowazidwa phulusa, ndipo mijigo yambiri ya kumeneko itulutsa madzi osamweka.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Mvula ya m'chigwachi njochepa, dzuwa la October liwotcha koposa. Madzi a pansi akwera, nauma, nasiya mchere pamwamba. Tsono mbewu ifota ngakhale nthaka ili yonyowa, pakuti mizu ilephera kukoka madzi.

Nkhaniyi yakula tsopano popeza Boma, mothandizidwa ndi World Bank ndi African Development Bank, linayamba mu 2018 ntchito ya ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, yoti idzathirire mahekitala oposa 40,000. Madziwo ndi dalitso, koma kuthirira kopanda njira yotulutsira madzi ndiko kunaononga minda yambiri m'chigwa cha Indus ku Pakistan. Mchere suchoka ndi feteleza ai. Uchoka pokhapokha madzi abwino alowa pansi kupitirira mizu, natuluka m'ngalande zotayira. Pa makande a ku Ngabu ntchitoyi njovuta, chifukwa dothilo likanyowa litsekeka. Pamene lauma gwa ndi sodium, gypsum athandiza kulimasula, ngakhale mtengo wake sali wa mlimi aliyense.

Zina mlimi atha kuchita ndi khasu lake. Manyowa afewetsa nthaka. Mapesi ndi udzu wophimbira munda zichepetsa kuuma kwa madzi, motero mchere sukwera msanga. Nchachisoni kuona mapesi akutenthedwa chaka ndi chaka. Pothirira m'mizere, mchere usonkhana pamwamba pa mzere, choncho mbewu ibzalidwe m'mbali mwake. Thonje ndi mapira zipirira mchere, chimanga chipirira pang'ono, nyemba ndiye zifa msanga.

Aphunzitsi okhala ndi dimba la sukulu ayese mizere iwiri, wina wophimbira wina wosaphimbira, ana adzionere okha. Alangizi nawonso atumize dothi ndi madzi a pa chitsime kukapimidwa anthu asanayambe kuthirira.